Dilamu la madamu

Anzanga akuntchito anatsegula gulupu ya WhatsApp yoti tikakwere Sapitwa ku Mulanje, ndie ine poopa kuoneka wamantha ndinalembetsa dzina ngakhale chimimba changachi chinkakana. Sapitwa ndi mamita 3,002, palibenso nsonga ina yoposa pamenepo mMalawi muno, pomwe Lilongwe yathuyi ili cha mma 1,050 ndipo ndi yathyathyathya, chitunda chomwe ndimachidziwa ine ndi chokwera ku Capital Hill basi. Nde tinapangana kuti Loweruka lililonse tiziyenda mtunda wautali titabereka zikwama zolemera kuti miyendo izolowere. Anzanga ankaikamo mabotolo amadzi. Ine ndinaikamo njerwa zomwe ndinabwereka pamulu wa alandilodi iwo osadziwa.

Ndinkanyamuka kwathu ku Area 25 kusanache, kudzera ku 49, kudutsa pa Bingu Stadium mpaka pa intachenji ya Area 18, kukakhota pa Palamenti nkubwerera. Vuto loyenda wapansi mu Lilongwe uli bambo wamkulu ndiloti palibe amakhulupirira kuti ukupangira dala. Akabaza kumangokulondola, bwana tiyeni tikusiyeni mupereka zomwe muli nazo, ndipo tsiku lina mkulu wina wakutchalitchi kwathu anaimitsa galimoto nkundinong'oneza kuti achimwene ngati zavuta kuntchito musabise, mpingo ulipo.

Koma za mnseuzo nzazing'ono. Tsiku loyendalo umadzimva ngwazi, ululu weniweni umabwera mawa lake ndipo umatha kumakulirakulira mpaka tsiku lachitatu, chifukwa minofu yosazolowera imang'ambikang'ambika mkatimu nde ikamapola imatupa. Lamulungu lina ndinadzuka akatumba ali gwa, ntchafu zitasupuka chifukwa chokhulana, kuphazi matuza okhaokha. Kunjuta pachimbudzi kunkafuna pemphero, kudzukapo kunkafuna kusala kudya.

Ndinadandaula pagulupu paja. Mayi wina wa ku Area 47 anayankha msangamsanga kuti aaa zosavuta izo, dzazani bafa ndi madzi ofunda, thiranimo mchere wa Epsom, mugonemo mphindi 15 kapena 20 mudzuka muli mwana. Anatumizanso chithunzi cha bafa lawo, loyera mbuu, pambali kakandulo kakuyaka. Zomwe ananenazo si bodza ayi, madzi ofunda amatsegula mitsempha, magazi amayenda bwino, minofu nkumasuka. Mcherewo si wothira mndiwo, ndi magnesium sulphate, owawa, ndipo ukaumeza umatsegula mmimba, amagulitsa ku famase. Chomwe mayiwo sanafunse nchakuti kodi inu bafa lanu ndi lotani.

Bafa lathu lili panja, timagawana ndi maneba apaploti. Zipupa zinayi, denga ndi kumwamba kwa Mulunguku, chitseko ndi lata, pansi pali mwala wokwechera mapazi. Mugona pati pamenepo? Ndinayesa beseni lochapira, munangokwana matako okha miyendo ili panja, pomwe odwala ndi miyendoyo. Apa mpomwe maso anga anagwera pa dilamu labuluu la malita 200 lomwe madamu anagula ndi ndalama za banki mkhonde kuti tizisungamo madzi mipope ikauma.

Iwo anali atapita kumphakati. Ndinakhuthulira madzi mu ndowa ndi mmapoto, kugubuduza dilamu mpaka kubafa, kusonkha mbaula, kutereka madzi kambirimbiri uku ndikuyenda chotang'adza, makala a sabata yonse phulusa lokhalokha. Kapaketi ka Epsom kaja nditakathira kanangosowamo, nde ndinaganiza kuti mchere ndi mchere basi, ndinakatenga wakukhitchini onse nkukhuthuliramo. Njerwa zija ndinazisanja panja pa dilamu ngati masitepe. Dzuwa likupendeka ndinavula, kukwera, mwendo umodzi, wina, kenako thupi lonse phava!

Zinthu ziwiri zinachitika nthawi imodzi. Madzi anasefukira, paja thupi likalowa madzi ofanana nalo kukula amatuluka, ndie ine si munthu wamng'ono, theka la mchere wodula uja linatsata ngalande kukathirira nthochi za aneba. Otsalawo anapeza mosupuka muja ndi matuza aja, abale inu, ngati munthu wakusinjira kambuzi pachilonda. Ndinaluma mlomo kuti ana apaploti asamve bambo akulira.

Koma zitaphwa, eee, kukoma kwake. Ndinanjuta bwinobwino maondo kufika pachibwano, mapewa nkutsetserekera pansi pa mlomo wa dilamu, paja madilamu amenewa kukamwa ndi kochepa kusiyana ndi pamimba. Kunja kunangotsala mutu. Ndinamva akatumba akusungunuka, ndinayamba mpaka kuwamvera chisoni a ku 47 kuti iwo madzi amangowalekeza mchifuwa. Ndinati nditsinzineko pang'ono.

Podzidzimuka kunja kuli bii, madzi ali zii, kuzizira kwa mu July kuja kolowa mmafupa. Ndinati ndidzuke, miyendo osayankha, dzanzi lokhalokha. Nditakakamiza katumba wakumanja anakokana mpaka ndinaona nyenyezi zina zoonjezera pa zakumwambazo. Manja ali pansi, mapewa akanirira kumlomo, kukwera osatheka kutsika osatheka.

Kenako go go go palata. Muli ndani mbafamo, enafe tikulowa naiti ku Kanengo! Ndinayankha kuti ndikumaliza achimwene, koma mawu ochokera mdilamu amamveka mwina mwake, nde mkulu uja anangoti zii, kenako ndinamva mapazi akubwerera chambuyo mofulumira. Ndinayamba kuitana motsitsa, amake mwana, amake mwana, ulemu wanga ndikuutetezabe, mpaka ndinaona kuti ulemu sunditulutsa muno ndinakuwa dzina lawo lenileni lomwe sindinalitchule chikwatiraneni.

Anabwera ndi tochi yapafoni, kukankha lata, kuunika. Anaona mutu wa mwamuna wawo uli pamwamba pa dilamu ukunjenjemera mano. Funso loyamba, ndipo ili sindidzawakhululukira, linali lakuti inu abambo, madzi anga mwapita nawo kuti? Kenako anakhala pansi pamatope pomwepo nkuyamba kuseka, kuseka koti mawu osatuluka, misozi yokha. Kuseka kumeneko nkomwe kunaitana ploti yonse.

Alandilodi anafika atavala chijasi, kuzungulira dilamu kawiri, nkufunsa mwaulemu wake kuti achimwene mwalowamo bwanji mmenemu. Asanamve yankho tochi yawo inagwa pa masitepe anga aja. Anawerama, kutola imodzi, kuitembenuza, nkungoti hmmm, izi tikambirana mukatuluka. Anatuma mwana kuti akatenge sowo tidule dilamu. Madamu kuseka kunathera pompo. Bambo pepani, dilamu limeneli ngongole yake sindinamalize kubweza, ngati nkudula dulani china. Panalibe anafunsa kuti china chake chiti, ine ndemwe ndinali china yekhayo pamalopo.

Mkulu wa ku Kanengo uja, yemwe tsopano anali ataiwala zoti akuchedwa, anati tithire mafuta ophikira mmapewamo. Madamu anangomuyang'ana, mmene mafuta akwerera mtengomu, iye anapepesa yekha. Anayesa sopo, koma sopo mmadzi amchere sachita thovu, anangoonjezera moto mzilonda. Ana ali pampanda kulimbirana poonera, wina ndinamumva akuuza mnzake kuti ankolo akuwaphika.

Nzeru inachokera kwa akazi awo alandilodi, gogo osayankhulayankhula. Anangofunsa kuti kodi si thelele lija ndinamva kununkhira kwanu? Linali thelele lobala, lothira soda bwinobwino, ataphula kale likudikira nsima. Madamu anaima kaye kuganiza, ndipo anaganiza nthawi yaitali kuposa mmene ine ndikanafunira, kenako anakatenga poto.

Anagoneka dilamu chammbali ine ndili momwemo, madzi onse khuthu, azimayi ena anauzidwa kuti atembenuke ndipo anatembenukadi koma makosi okha ndi omwe anakana. Gogo uja anandipaka thelele mkhosi, mmapewa, kulikankhira mkati ndi chipande. Alandilodi ndi wa ku Kanengo anagwira kumatako kwa dilamu, madamu anandigwira chibwano, wani, thuu, pa fili ndinangoti pholo, kutsetsereka pamatope mpaka kukaima pa mwala wokwechera mapazi uja. Chitenje chinafika mochedwa pang'ono. Ana anaombera mmanja.

Nditasamba kachiwiri, ndi madzi ozizira opempha kwa aneba poti athu onse anali ku nthochi, ndinalowa mnyumba nditafunda bulangete. Nsima ili patebulo, ndiwo palibe, ana akundiyang'ana ngati ndawadyera dala. Madamu anati basi ndingokazinga mazira, kutsegula chitini cha mchere, mbee. Anachitembenuza, kuchigogoda, kundiyang'ana. Anatulutsa ndalama pa mfundo ya chitenje nkuiika patsogolo panga.

Mazira ndi mchere, ku okala ya kumsika, yapafupiyi atseka. Ndinati amake mwana miyendotu sikuyenda iyi, tumani mwana. Anati ana sayenda usiku, dzukani, si inu mukukonzekera Sapitwa.