Thabwa la zokhwasula pa bwalo la mpira ku Joni

Mwezi wa June ndinapita ku Joni pa basi, kudzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, kukacheza kwa achimwene ku Turffontein. Chisanu cha kumeneko si chamasewera. Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndiye m'mawa udzu umachita kuyera mbuu.

Loweruka lina linali gawo la alamu anga kudyetsa timu ya mpira ya mwana wawo, anyamata osapitirira zaka 15, ambiri mwa iwo ana a Amalawi anzathu. Ine m'mutu munali mpunga ndi nkhuku. Alamu akuti ayi, tipanga charcuterie, thabwa lija azungu amayalapo nyama zouma, tchizi ndi zipatso, aliyense n'kumatolapo ndi manja. Ndinaseka. Ya azunguyo ndi yokhwasula pang'onopang'ono uku akumwa vinyo. Mnyamata yemwe wathamanga bwalo lonse angakhute tizidutswa ta tchizi?

Koma alamu amawadziwa ana awo. Nyama tinakagula ku Mayfair, kumene mabutchala ambiri ndi a halaal, chifukwa mu timuyo muli anyamata achisilamu. Salami wa nkhumba ayi. Tinatenga biltong, nyama youma ya ng'ombe, yosawawa tsabola, droëwors, amene ndi soseji wouma wowonda ngati chala, ndi polony wa nkhuku. Polony ameneyu alamu anamusunga mu kula bokosi, pa ayezi, mpaka mpira kutha. Anthu kumeneko sanaiwale matenda a listeriosis a 2017 ndi 2018, omwe anapha anthu oposa 200 ndipo anachokera ku polony.

Kuyala kwake n'kumene kunandisangalatsa. Timbale ta msuzi wosunsamo ndito timayamba kukhala pakati, kenako nyama yopindapinda kuti dzanja lizitola mosavuta, tchizi cha cheddar chodula timabokosi, mabisiketi amchere m'mphepete. M'mipata motsala timatsekamo mphesa ndi manachesi osenda, poti nyengo yozizira ndiyo nthawi ya manachesi. Maapulo tinawafinyira ndimu kuti asade.

Ine ndinaumirira pa chinthu chimodzi: payikidwe cholemera m'mimba. Ndinaphika mazira ndi mbatata n'kuzidula mozungulira, buledinso tinamudula tating'ono. Mtedza wokazinga womwe ndinabwera nawo kuchokera ku Mchinji alamu anauika m'mbale yakeyake, patali, chifukwa pali ana ena mtedza umawatupitsa thupi.

Wenzulo yomaliza italira, anyamata anathamangira pa thabwa nsapato za mpira zili kuphazi. Biltong inatha ine ndisanatsegule n'komwe botolo la juwisi. Mbatata yomwe alamu ankaikayikira inatsatira. Mwana wa achimwene anabwera kukamwa kuli tho.

"Azakhali, mazira atsalako?"

Anali atatha. Pathabwa panangotsala karoti ndi nkhaka, zomwe goloboyi anazimaliza yekha podikira minibasi.