Mawu ofewa aja a azimayi a mpingo wa Mormon, zomwe ndaphunzira masabata atatu apitawa

Semesita ino tili ndi kosi ya momwe kayankhulidwe ka anthu kamayendera ndi malo omwe akulira, ndipo asayinimenti yake inali yoti aliyense asankhe gulu la anthu lomwe lili ndi kayankhulidwe kakekake, alimvetsere bwinobwino kenako afotokoze chomwe wapeza. Anzanga ambiri anasankha zapafupi, ena makondakitala a minibasi, ena alaliki apawailesi. Ine ndinakagwera kutali ndithu ku America, chifukwa usiku wina ndikungopukusa mavidiyo pafoni ndinakumana ndi mayi wina waku Utah yemwe anatuluka mu mpingo wa Mormon, ndiye amaonetsa momwe ankayankhulira kale ali mu mpingo ndi momwe akuyankhulira pano. Abale, ndinabwereza kavidiyo kaja kangapo. Nkhope yomweyo, pakamwa pomwepo, koma ngati anthu awiri. Mawu akalewo anali okwera, ofewa, otuluka ndi kampweya ngati akunong'oneza mwana kuti agone, ndipo ngakhale utatseka maso umamva kuti munthuyu akumwetulira. Atangosiya zimenezo mawu anatsika mpaka pachifuwa, liwiro linakwera, ndipo ndi pomwe ndinamumva ngati munthu wamkulu woti tingakangane naye.

Kwa omwe simukuudziwa mpingowu, ndi uja wa anyamata oyenda awiriawiri atavala malaya oyera, tayi ndi kabaji kakuda pachifuwa, ku Blantyre ndi ku Lilongwe timakumana nawo. Dzina lake lenileni ndi The Church of Jesus Christ of Latter-day Saints, unayamba mu 1830 ndi Joseph Smith ku New York, ndipo likulu lake lili ku Salt Lake City ku Utah komwe anafika mu 1847 motsogozedwa ndi Brigham Young. Mu 2018 mtsogoleri wawo wa nthawiyo Russell M. Nelson anapempha kuti anthu asiye kuwatchula kuti a Mormon, ine ndikulemba choncho chifukwa ndi dzina lomwe ambiri tikulidziwa basi, osati kunyoza.

Chomwe chinandigwira mtima poyamba ndi choti mawuwa ali ndi mayina pakati pa eni ake omwe. Ena amawatchula Relief Society voice, ena Primary voice. Relief Society ndi bungwe la azimayi mu mpingomo, linakhazikitsidwa pa 17 Malichi 1842 m'tauni ya Nauvoo ku America konko, ndipo mtsogoleri wake woyamba anali Emma Smith, mkazi wa Joseph. Primary ndi kalasi ya ana, inayamba mu 1878, ndipo amene amaitsogolera ndi azimayi. Apa ndi pomwe zinayamba kundilowa m'mutu. Munthu aliyense padziko lapansi akamayankhula ndi khanda amakweza mawu, amachepetsa liwiro, amakweza ndi kutsitsa ngati nyimbo, ngakhale ife kuno timatero tikanyamula mwana. Nde tangoganizani mzimayi yemwe ntchito yake yayikulu kutchalitchi kwa zaka ndi zaka ndi kuima kutsogolo kwa ana, kunyumbanso ana ambiri chifukwa mpingowu umalimbikitsa mabanja akuluakulu, kenako tsiku lina amuuza kuti ayankhule pamaso pa akuluakulu. Mawu omwe thupi lake lawazolowera pa zinthu za Mulungu ndi omwe aja.

Ndinathera bandulo yambiri pa mavidiyo a General Conference, msonkhano wawo waukulu womwe umachitika kawiri pachaka, mu Epulo ndi mu Okutobala, mu holo yolowa anthu 21,000. Oyankhula ambiri ndi azibambo, azimayi amakhala ochepa chabe pa masiku awiri a msonkhanowo, ndipo mzimayi woyamba kupemphera pa msonkhanowu anali Jean A. Stevens mu Epulo 2013. Chaka chimenechi chinandidabwitsa kwambiri, 2013 ndi dzana lomweli. Azibambo nawonso ali ndi kayankhulidwe kawo kapang'onopang'ono, kopumira pakati pa chiganizo, ndipo mbali ina nzomveka chifukwa amawerenga zolembedwa kale komanso omasulira m'zilankhulo zambirimbiri amayenera kuwatsatira. Koma azibambowo akamachedwetsa mawu amamveka olemera ngati agogo akupereka malangizo, pomwe azimayi ambiri akamachedwetsa amakwezanso mawu ndi kuonjezera kampweya kaja. Msonkhanowu umaoneredwa m'nyumba za mamembala kulikonse, nde kamtsikana ka zaka 8 kakukula kakudziwa kale kuti mzimayi woyera mtima amamveka chonchi.

Alekichala athu anatiphunzitsa kugwiritsa ntchito pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa Praat, ndi yaulere, anaipanga Paul Boersma ndi David Weenink ku Amsterdam. Umalowetsamo mawu omwe wajambula, iyo imakujambulira kamzere ka buluu koonetsa kukwera ndi kutsika kwa liwu. M'kholingo mwathu muli timinofu tiwiri tomwe timanjenjemera mpweya ukamadutsa, tikanjenjemera mwachangu mawu amakwera, ndipo kunjenjemerako amakuyeza mu ma Hertz. Azimayi ambiri akuluakulu amayankhula pakati pa 165 ndi 255 Hz. Timinofu tija tikapanda kutsekana kwathunthu mpweya umathawira pakati, ndi pomwe pamachokera kufewa konong'ona kuja. Kumwetulira nakonso kumasintha mawu chifukwa milomo ikatambasuka njira ya mawu imafupika, mawu nkumveka ngati a munthu wamng'ono thupi. Kwa ife olankhula Chichewa kamzere kameneka sikachilendo kwenikweni, paja mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika timazisiyanitsa ndi kukweza liwu basi, khutu lathu linaphunzira kale kumvetsera zimenezi.

Nditaika mawu a azimayi angapo a pamsonkhano uja mu Praat, kamzere kanali m'mwamba, kakuyenda ngati mafunde, kukwera pa mawu ngati chikondi, banja, Mpulumutsi, kenako kutsetsereka pang'onopang'ono ngati munthu akuika dzira pansi. Palibe pomwe kamadumpha mwaukali. Ngakhale pomwe akuyankhula za imfa ya mwana kapena ukwati wovuta, kamzere kamayenda mofatsa momwemo.

Katswiri wina wa zamawu, John Ohala, anafotokoza m'zaka za m'ma 1980 kuti nyama ndi anthu omwe timamva mawu okwera ngati chizindikiro cha kanthu kakang'ono kosaopsa, ndipo mawu otsika ngati a chinthu chachikulu. Galu akamaopseza amabangula pansi, akamagonja amalira m'mwamba. Nditawerenga zimenezi ndinakhala kaye chete, chifukwa mu mpingowu unsembe ndi wa amuna okha, mnyamata wa zaka 12 amatha kukhala ndi udindo wa unsembe womwe mayi ake omubereka sangaupeze. Kate Kelly yemwe anayambitsa gulu la Ordain Women mu 2013 lopempha kuti azimayi azidzozedwanso, anachotsedwa mu mpingo mu Juni 2014. Kuonjezera apo malemba awo amaphunzitsa kuti mzimu wa mikangano ndi wa mdyerekezi, komanso kuti Mzimu Woyera umabwera ndi kaliwu kakang'ono kachete. Nde mzimayi wanzeru zake, yemwe ali ndi mfundo yolemera yoti anene pamaso pa azibambo omwe ali ndi ulamuliro wonse, amaikulunga mu mawu osonyeza kuti musaope, sindikulimbana nanu. Ine sindikuona ngati ndi chinyengo ayi. Ndi luso lomwe munthu amaliphunzira kuti amvedwe pamalo pomwe akadayankhula mwamphamvu akanamutsekera khutu.

Ndisanamizire onse. Sheri Dew, yemwe anali mu utsogoleri wa Relief Society kuyambira 1997 mpaka 2002, amayankhula molunjika ndi mawu olimba, ndipo alipo ena otero. Komanso kayankhulidweka sika a Mormon okha, mipingo ina yokhwimitsa malamulo ku America ili nako, mpaka mu Malichi 2024 anthu anakambirana kwambiri za senatala Katie Britt waku Alabama, yemwe si wa Mormon, atayankha mawu a pulezidenti ali kukhitchini ndi mawu onong'ona omwewa. Kuli kagulu kenanso ka FLDS komwe kanapatukana ndi mpingo waukulu pa nkhani ya mitala, kumeneko atsikana ankauzidwa mosabisa kuti azikhala okoma nthawi zonse, ndipo mtsogoleri wawo Warren Jeffs anaweruzidwa mu 2011 kukhala kundende moyo wake wonse chifukwa chogwirira ana. Amenewo ndi ena, tisawaphatikize.

Gawo lomwe landikhudza kwambiri ndi la omwe anatuluka. Ndamvetsera maola ambiri azimayi akufotokoza moyo wawo, ena pa Mormon Stories, pulogalamu ya John Dehlin yomwe inayamba mu 2005, ena pa TikTok. Zomwe amanena zimafanana modabwitsa. Ambiri sanachite kupanga chiganizo choti asinthe mawu, anangouzidwa ndi mnzawo kuntchito kapena mwana wawo kuti amayi, masiku ano mukumveka mosiyana. Mawu amatsika, amayamba kuyankhula mwachangu, chiganizo amachimaliza pansi osati m'mwamba ngati akupempha chilolezo, amaseka mokweza pakamwa pali yasa. Ena amati kwa nthawi yoyamba anamva mawu awo akunjenjemera pachifuwa nkudzidzimuka okha. Ena amanena za kutopa kwa pakhosi komwe ankakuona ngati nkwachibadwa, ndipo nzomveka, kholingo ukalikoka m'mwamba tsiku lonse minofu yake imalimba ngati phewa la munthu wosenza ndowa.

Koma si chisangalalo chokhachokha. Pali ena omwe mkwiyo ukabwera sadziwa kuti autulutse ndi mawu ati, chifukwa kuyambira ali ana mkwiyo unkatuluka ngati misozi basi, nde amapezeka akulira pamitingi ya kuntchito pomwe amafuna kungonena kuti ayi. Achibale omwe anatsala mu mpingo akamva mawu atsopanowo amati waumitsa mtima, kuwala kwachoka pankhope pake, ndipo zimenezi zimawawa chifukwa wanena ndi mayi ako. Ndipo chomwe chinandilasa kwambiri, ambiri amati foni ikangolira nkuona kuti ndi amayi awo kapena bishopu wakale, mawu aja amabwerera okha asanaganize nkomwe, ngakhale patapita zaka zambiri. Mutu unatuluka koma kholingo likadakumbukabe.

Kuti mawu amasintha ndi malo omwe mzimayi ali nawo m'dziko zinayezedwapo kale. Ku Australia, Cecilia Pemberton ndi anzake anayerekeza mawu a atsikana ojambulidwa mu 1945 ndi a mu 1993, anapeza kuti atsika ndi pafupifupi 23 Hz, chonsecho kapangidwe ka thupi la mtsikana sikanasinthe.

Sabata yatha alekichala anati tisamangoyeza anthu ena, aliyense adzijambule yekha. Ndinaika laputopu patebulo, ndinaimbira mnzanga wapamtima tinacheza za mayeso mphindi zisanu, kenako ndinaimbira apongozi anga aamuna kuwapatsa moni ndi kuwafunsa za feteleza. Ndinajambula mbali yanga yokha. Nditatsegula mafayilo awiriwo pamodzi, kamzere koyamba kanali pansi kakudumphadumpha, kachiwiri kanakwera m'mwamba nkusalala, ndipo nditavala mahedifoni ndinamva kampweya komweko, kumwetulira komweko, "zikomo bambo" wanga akutsetsereka ngati dzira lija. Ndinazindikiranso kuti nthawi yonse ya foni yachiwiri ndinali nditaweramitsa mutu chonsecho m'chipindamo ndinali ndekha.

Apongozi anga ndimawalemekeza ndi mtima wonse ndipo ulemu umenewo sindikufuna kuutaya, anandiphunzitsa ndi amayi anga ndi azakhali, ndimaunyadira. Chomwe chakhala chikundizungulira m'mutu ndi tsiku lina chaka chatha pomwe panali nkhani ya munda pabanja, ine ndinali ndi mfundo yoona, ndinainena ndi mawu amenewa ndipo inangodutsa ngati sindinayankhule, mpaka mlamu wanga anaibwereza ndi mawu ake nkuvomerezedwa. Lachinayi ndikukapereka zomwe ndapeza kukalasi, ndipo ndasintha dongosolo, ndiyamba ndi mafayilo anga awiri aja kenako ndi pomwe tipite ku Utah.