Sensa ya shuga ndi mbali imene munthu amagonera

Lolemba m'mawa kunafika mayi wina wa ku Chinamwali, maso ali psuu chifukwa chosagona. Mwana wawo wa zaka 14 ali ndi matenda a shuga a mtundu woyamba, ndipo amalume ake a ku Johannesburg anamutumizira masensa a FreeStyle Libre 2, aja omata pakhungu amene amawerenga shuga usana ndi usiku kwa masiku 14, n'kumaliza foni shuga akatsika. Ku kiliniki yathu kuno ku Zomba, odwala amene ali ndi kachipangizo kotere ndi owerengeka. Ambiri amabaya chala, ndiponso akakhala kuti apeza timapepala toyezera.

"Anesi, usiku uliwonse cha m'ma 2 koloko foni ikumalira kuti shuga watsika mpaka 3.2. Ndikamudzutsa n'kumubaya chala, makina akuonetsa 6. Ndikhulupirire chiti?"

Ndinauza mnyamatayo kuti akwere pabedi agone mmene amagonera kunyumba. Anagonera kumanzere, mkono atautsamira ndi thupi lonse, sensa ili pansi penipeni. Nkhani inali pamenepo. Sensa siyeza magazi. Ili ndi kaulusi kofewa kamene kamalowa pang'ono pansi pa khungu n'kumawerenga shuga wa m'madzi a m'minofu. Malowo akapanikizika nthawi yaitali, madziwo sayenda bwino, nambala n'kutsika pamene mwana ali bwinobwino. Kunyumba amagona pamphasa, ndiye kupanikizikako n'koposa.

Mayi aja anafuna tiichotse tiimate mkono winawo. Ndinakana, chifukwa ikazulidwa sibwereranso, ndipo mtengo wake si wamasewera. Tinagwirizana kuti azigonera kumanja mpaka masiku akwane, yotsatira idzapite mkono wamanja. Koma ndinawagwira dzanja ndi kuwauza kuti foni ikalira asamangoti ndi bodza lija. Abaye chala. Akaona mwana akutuluka thukuta kapena kunjenjemera, amumwetse madzi a shuga osadikira nambala.

Lachiwiri ndi Lachitatu zinali za masiku onse: kuyeza BP, kuona zilonda zam'mapazi, kukumbutsa agogo kusunga insulini pozizira.

Lachinayi kunabwera mayi wachitsikana wa ku Matawale, khanda kumsana, sensa ili m'kachikwama. Inamatuka tsiku lachitatu. Zinandiwawa, chifukwa masiku 11 anangopita pachabe pa zinthu zimene tikanapewa. Anaimata kunja kwa mkono, paja amabaya katemera, pamene pamakhula chitseko cha minibasi ndiponso pamene mwana amagwira akamayamwa. Kuwonjezera apo anali atadzola mafuta atangosamba, kunja kukutentha mmene kumatenthera mu Okutobala muno. Ulimbo wake sugwira pamafuta.

Anali ndi ina imodzi, ndiye tinamata limodzi. Ndinamupempha abereke mwana monga mwa nthawi zonse kuti ndione pamene chitenje chimadutsa ndi pamene timiyendo timafika. Tinasankha kuseri kwa mkono, pakati pa phewa ndi chigongono, paja pamakhala mnofu wofewa. Tinatalikira chipsera ndiponso masentimita osachepera 2.5 kuchokera pamene amabaya insulini. Ndinatsuka ndi sopo wamba, kupukuta ndi spiriti, kenako tinangokhala chete kudikira kuti paume. Apa ndi pamene ambiri amapupuluma. Nditadina, ndinasisita m'mphepete ndi chala kuzungulira kawiri, ndi kumukumbutsa kuti iyamba kuwerenga pakatha ola limodzi.

Lachisanu aphunzitsi ena achikulire anandifunsa ngati angamate yawo pamimba. Atopa ndi ana asukulu kuwafunsa kuti kabatani kali pamkonoko n'kachiyani, ndipo anaona pa Facebook ena akumata pamimba ndi pantchafu. Ndinawamvetsa, manyazi amenewa ndi enieni. Komabe ndinawauza kuti kampani ya Abbott, imene imapanga Libre, inavomereza kuimata kuseri kwa mkono basi. Imene anaiona pamimba mwina ndi Dexcom G6, sensa ya kampani ina ya masiku 10, imene ana amathanso kumatidwa kumtunda kwa matako. Munthu amene amayeza insulini wake potengera nambalazi sindingamulole kuyesera malo osadziwika. Nditawapapasa pamimba ndinapezanso timibulu tolimba mbali zonse za mchombo, chifukwa chobaya malo amodzimodzi zaka zambiri. Tinathera nthawi yambiri pa zimenezo, kuwasonyeza kasinthidwe ka malo obaya. Za sensa anati azingovala malaya aatali manja.

Ndikutseka kabati madzulo, mayi a ku Chinamwali aja anaimba. Anati amuikira mwana chitenje chopindapinda kumsana kuti asatembenukire kumanzere, ndipo foni sinalirenso usiku kuyambira Lachiwiri.