Moto wa Lachinayi kumtunda kwa damu la Mulunguzi

Manja adakali ndi matuza, ndiye sindilemba zambiri. Sabata inayamba mozizira monga anzanga operekeza alendo paphiri la Zomba mukudziwira. Lolemba azungu awiri ku Emperor's View, malo oonerapo patali, nkhani ija ya Haile Selassie, mfumu ya ku Ethiopia imene inafikapo pamalowo, ndinaibwerezanso. Lachiwiri tinangogonera pa hotela ya Ku Chawe, opanda mlendo. Lachitatu banja la ku Blantyre ku dzenje lakuya la Chingwe's Hole.

Lachinayi ndinali ndi ana a sukulu pakhoma la damu. Ndinkawauza kuti madzi amene amamwa ku Matawale, ku Chinamwali ngakhale ku chipatala chachikulu ndi omwewa, amatsika phirili m'mapaipi. Kamtsikana kena kanakoka malaya a aphunzitsi ake: "Madamu, taonani utsi uwo!"

Ana ndinawasiya m'minibasi n'kuthamangira kumtunda. Masamba ouma a paini mu Okutobala amayaka ngati mwathira parafini. Tinalipo anthu owerengeka, aliyense ndi nthambi yaiwisi m'manja, basi. Bambo wina wachikulire amene amatema nkhuni kumeneko anabwera atavala patapata, ndipo inasungunukira kuphazi. Ndinamva fungo la labala ndisanaone chilonda. Ndinati, "Bambo, khalani pansi," koma iwo anangomanga kansanza n'kupitiriza kupuntha moto. Pamene tinaugonjetsa kunali kutada. Pomwe unayambira tinapeza mauna a mbewa okumbidwa kumene.

Chimene chikundiwawa n'chakuti pansi pathu pomwepo panali damu lodzaza madzi, ife opanda mpope, opanda nsapato zolimba, ngakhale zopunthira moto zenizeni. Mu Januwale amabwera ambiri ndi magalimoto kudzadzala mitengo kutsogolo kwa makamera. Nthawi ya moto sitiwaona. Mvula yoyamba ikagwa, phulusa lonselo ndi dothi zidzakokolokera mu Mulunguzi, ndipo kutauni anthu adzadandaula kuti madzi ada, osadziwa kuti phazi la munthu linapsa pofuna kuwatchinjiriza.

Lachisanu sindinadzuke, chifuwa chinali chodzaza utsi. Loweruka kunabwera a ukwati kudzajambulitsa m'mbali mwa damu. Wojambula anandipempha ndiwasonyeze malo oti mtunda wakuda uja usaoneke pachithunzi. Ndinawasonyeza. Atachoka ndinatola mabotolo awo thumba lathunthu, kenako ndinapita kukazonda bambo aja. Phazi latupa, sakutha kuponda.