Sabata ya akasinja amene sanafike ku nkhondo

Ntchito yanga ndi yopanga tizifanizo ta makina. Sabata ino pa shopu yathu kuno ku Georgia, ku America, tinali ndi oda ya myuziyamu ina: akasinja atatu a ku America amene anangothera pa kuyesedwa.

Lolemba ndi Lachiwiri anathera pa T28. Kasinja ameneyu anamukonza pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse kuti akaswe malinga a konkireti a Siegfried Line ku Germany, koma pamene kampani ya Pacific Car and Foundry inkamaliza kumupanga mu 1945, asilikali anali atadutsa kale malingawo. Anapangidwa awiri okha. Ankalemera matani pafupifupi 86, chitsulo chakutsogolo chinali chokhuthala mamilimita 305, ndipo mfuti yake ya mamilimita 105 inali pathupi penipeni, popanda nsanja yozungulira. Injini ya Ford ya mahosipawa 500 inkangomukwawitsa makilomita 13 pa ola.

Chimene chinandigwira mtima ndi matcheni ake. Ali nawo anayi, awiri mbali iliyonse, kuti asatitimire m'nthaka. Akafika panjira yopapatiza, akunjawo ankawamasula, n'kuwalumikiza pamodzi, kasinjayo n'kumawakoka kumbuyo ngati ngolo. Kuti zimenezi zioneke pa kachifanizo kathu, ndinalumikiza tizidutswa ta tcheni kamodzikamodzi ndi kachitsulo kopanira, guluu atauma m'zala, mpaka maso kuyamba kulasa. Ukamalumikiza chonchi m'pamene umaona kuti amene anaganiza zimenezi anali amisiri enieni.

N'chifukwa chake Lachitatu sindinakhale chete. Mawu oti alembedwe pansi pa kachifanizoko anabwera akungoti "makina olephera", basi. Ndinauza abwana kuti mwana wasukulu akawerenga zimenezo adzangoseka n'kupitirira. Tilembe chimene chinachitika: nkhondo inatha, kunyamula chimphona chotere kunali kovuta, ndipo ntchitoyo anaitseka mu 1947. Mwa akasinja awiri aja, mmodzi anapsa injini pamalo oyesera zida ku Yuma, ku Arizona, n'kuphwasulidwa. Winayo anaiwalika mpaka 1974, pamene anamupeza patchire pamalo a asilikali a Fort Belvoir, ku Virginia. Lero akusungidwa pamalo a asilikali a Fort Benning, kuno ku Georgia. Abwana anavomera, ndipo tinatumiza mawu atsopano.

T92 sanandivute, ndinamumaliza Lachinayi. Anali kasinja wopepuka wonyamulika pa ndege, koma anamusiya kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 ataona kuti kasinja wa PT-76 wa Soviet Union amayenda pamadzi pomwe iyeyu sankatha.

Lachisanu ndinayamba MBT-70, amene America ndi West Germany anagwirizana mu 1963 kuti apangire limodzi. Apa ndiye panali kulimba mtima. Dalaivala anamuika m'nsanja ya mfuti, pampando wodzizungulira wokha kuti azingoyang'ana kutsogolo nsanjayo ikamatembenuka, koma madalaivala ankamva chizungulire. Mfuti ya ku America ya mamilimita 152 inkaponyanso mizinga ya Shillelagh. Mtengo utakwera kwambiri, Germany inatuluka mu 1969, ndipo XM803, wotsikirako mtengo amene America inayesa payokha, aphungu a nyumba ya malamulo ya America anamuthetsa mu 1971. Pambuyo pake m'pamene kunabwera akasinja a M1 Abrams ku America ndi Leopard 2 ku Germany.

MBT-70 ankatha kudzitsitsa pafupi ndi nthaka kuti abisale, kapena kugwaditsa kutsogolo kokha. Ine ndikufuna kachifanizo kathu kaime kogwada choncho, ngakhale zikutanthauza kudulanso timikono tonse ta mawilo. Ndapempha chilolezo kwa eni oda, ndipo yankho libwera Lolemba.