Sabata imene tinagawa katundu wa musitoro m'magulu atatu

Kampani imene ndimagwirako ntchito ili m'dera la City Deep kuno ku Johannesburg, ndipo timagulitsa masipeya a malole. Udindo wanga ndi woyang'anira sitoko, choncho ndimayenera kudziwa chimene chalowa, chimene chatuluka ndi chimene chiyenera kuitanitsidwa chisanathe. Chaka chathu cha zachuma chimatha kumapeto kwa Febuluwale monga zimakhalira m'makampani ambiri kuno, ndipo mwezi wa Malichi ndi umene eni kampani amafunsa mafunso ovuta. Chaka chino ankafuna kudziwa chifukwa chake ndalama zambiri zagona pamashelefu pamene makasitomala ena akubwerera chimanjamanja. Anandipatsa sabata imodzi kuti ndigawe katundu yense m'magulu a A, B ndi C potengera ndalama zimene chinthu chilichonse chimadya pa chaka.

Masamu ake si ovuta. Umatenga kuchuluka kwa chinthu chimene chatuluka m'miyezi 12, n'kuchulukitsa ndi mtengo umene unachigulira. Bawuti la R5 likatuluka maulendo 4,000 ladya R20,000, pamene tayala la R4,500 likatuluka maulendo 400 ladya R1,800,000. Ukatero ndi katundu yense, umasanja mndandanda kuyambira chodya zambiri kutsika nawo pansi, n'kumaphatikiza ndalamazo mzere ndi mzere. Zinthu za pamwamba zimene zakwana pafupifupi 80 peresenti ya ndalama zonse zimakhala gulu A, zotsatira mpaka pa 95 peresenti zimakhala gulu B, ndipo zotsala, zomwe nthawi zambiri ndiye zochuluka kwambiri, zimakhala gulu C. Malire amenewa si lamulo, kampani iliyonse imadula pamene yaona kuti n'poyenera. Ganizo lake linachokera kwa katswiri wa zachuma wa ku Italy, Vilfredo Pareto, amene kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 anaona kuti chuma chambiri cha dziko chili m'manja mwa anthu ochepa, ndipo mu 1951 H. Ford Dickie wa kampani ya General Electric ku America analemba za kagwiritsidwe ntchito kake poyang'anira katundu.

Lolemba ndi Lachiwiri anathera pa ntchito imene palibe amene amaiyamikira, yokonza manambala amene ndinatulutsa mu kompyuta. Filita imodzi ya oyilo inali ndi makodi awiri chifukwa timaigula kwa anthu awiri osiyana, ndipo ikanasiyidwa choncho ikanaoneka ngati zinthu ziwiri zoyenda pang'ono m'malo mwa chinthu chimodzi choyenda kwambiri. Oyilo wa injini ndiye anavuta koposa, popeza wina analembedwa m'madiramu a malita 210, wina m'zigubu za malita 20 ndipo wina pa lita, moti ndinayenera kubweretsa zonse pa muyezo umodzi. Katundu wobwezedwa ndi makasitomala ndinamuchotsera pa zotuluka. Panalinso oda imodzi yaikulu ya mabatire imene kasitomala wina anagula kamodzi kokha pokonzanso malole ake onse, ndipo ndinaiika padera chifukwa palibe chosonyeza kuti ibweranso chaka chino.

Pa nkhani ya mtengo ndinakhala pansi ndi mayi wa ku ofesi ya akaunti. Tinagwirizana kugwiritsa ntchito mtengo wogulira wopanda msonkho wa VAT wa 15 peresenti, popeza kampani imabwezeredwa ndalama zimenezo kudzera ku SARS, bungwe lotolera misonkho kuno. Pa katundu wochokera kunja tinaonjezerapo ndalama za sitima, msonkho wa kasitomu ndi mtengo womunyamula kuchokera ku doko la Durban kudzera mumsewu wa N3, chifukwa mtengo wa pa invoisi wokha umabisa ndalama zenizeni zimene chinthu chadya chisanafike pashelefu. Popeza randi imakwera ndi kutsika poyerekeza ndi dola, chinthu chimodzi chimatha kubwera ndi mitengo itatu m'chaka chimodzi, choncho tinatenga mtengo wa pakati poganizira kuchuluka kwa zimene zinagulidwa pa mtengo uliwonse.

Lachitatu m'mawa mndandanda unatuluka mu Excel, ndipo mbali yake yaikulu sinandidabwitse. Matayala, mabatire, makilatchi, zipangizo za mabuleki ndi oyilo zinali pamwamba, ndipo mizere yosakwana gawo limodzi mwa magawo asanu inanyamula pafupifupi ndalama zonse za gulu A. Chimene chinautsa mkangano ndi zinthu ziwiri. Filita ya R180 ija, itaphatikizidwa pa kodi imodzi, inapezeka kuti yatuluka maulendo 3,000, ndiye kuti R540,000, n'kulowa m'gulu A. Koma giyabokosi ya R95,000 imene yakhala pakona ya sitoro itakulungidwa mu pulasitiki inagwera pansi penipeni pa gulu C, chifukwa chaka chonse sinatuluke, ndipo chilichonse ukachichulukitsa ndi ziro chimakhala ziro.

Mkulu wa anyamata a musitoro ndi bambo wina wachikulire wa ku Ntcheu amene anayamba ntchito imeneyi makhadi a pepala asanalowedwe m'malo ndi kompyuta. Ataona pepalalo anapukusa mutu n'kundifunsa kuti, "Achimwene, mukutanthauza kuti giyabokosi ija ndi yofanana ndi mawasha? Ikasowa ija tonse tichotsedwa ntchito." Ndinawayankha kuti, "Madala, loko wake sitichotsa ayi. Mndandandawu sukunena za chimene mbala ingasirire, ukunena za kumene ndalama zathu zikudutsa mwezi ndi mwezi." Iwo anali ndi mfundo, ndipo ine sindinafune kuipeputsa. Kukwera mtengo kwa chinthu ndi nkhani ya chitetezo, pamene kuyenda kwake ndi nkhani ya kuitanitsa ndi kuwerenga, koma anthu ambiri musitoro amasakaniza ziwirizi. Giyabokosi imeneyo sikufuna kuwerengedwa sabata iliyonse, popeza aliyense wodutsa amaiona. Ikufuna munthu woti afunse chifukwa chake inagulidwa komanso mmene ingagulitsidwire.

Bambo omwewo ndi amene anatchula chinthu chimene masamu sakanandiuza. Anandisonyeza kabokosi ka timphira ta mapaipi a mpweya wa mabuleki, tina ta marandi ochepa chabe, n'kunena kuti lole yodzaza katundu singatuluke pageti ngati kamphira kamodzi kakutulutsa mpweya. Ambiri mwa makasitomala athu ndi madalaivala a m'misewu italiitali, ndipo ena ndi anzathu a kumudzi amene amadutsa pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka kukalowa pa Mwanza. Munthu wotere akapeza kuti tilibe kamphira kapena fyuzi, sadikira kuti tiitanitse, amapita kwina n'kukagula komweko ndi matayala amene. Zili ngati mchere pakhomo: ndalama zake n'zochepa poyerekeza ndi thumba la ufa, koma ukasowa ndiwo sizidyeka. Pa chifukwa chimenechi tinayenda limodzi shelefu ndi shelefu, n'kuika nyenyezi pa chinthu chilichonse cha gulu C chimene chingaimitse lole kapena chimene chimatenga nthawi yaitali kuti chifike. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene ambiri amalakwitsa njira imeneyi, chifukwa amamva kuti C ndiye kuti chosafunika, pamene tanthauzo lake n'lakuti kusunga zambiri sikukuwonongera ndalama.

Lachinayi tinalemba malamulo a gulu lililonse. Katundu wa gulu A aziwerengedwa mwezi uliwonse, pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku popanda kutseka sitoro, ndipo aziitanitsidwa pafupipafupi m'miyezo yochepa kuti ndalama zisamagone. Izi n'zotheka pa zimene timagula ku Germiston kapena ku Isando, madera apafupi ndi kuno, zomwe zimafika m'tsiku limodzi kapena awiri. Pa zochokera kunja nkhani ndi ina, ndipo aliyense amene anali pa ntchito yotere kumapeto kwa 2023, pamene sitima zinkadikira masabata kunja kwa doko la Durban, amadziwa kuti kusunga zochepa kwambiri n'kudziika pamavuto. Choncho pa zimenezo tinasiya katundu wodikirira wokwanira nthawi ya ulendo ndi kuchedwa kumene kungachitike. Gulu B liziwerengedwa miyezi itatu iliyonse. Gulu C liziwerengedwa kawiri pa chaka n'kumagulidwa lambiri nthawi imodzi, pogwiritsa ntchito mabokosi awiri: loyamba likatha, mnyamata amabweretsa khadi lake ku ofesi kuti tiitanitse, uku tikugulitsa za m'bokosi lachiwiri. Madzulo ake anyamata a folokolifiti anasuntha mapaleti a oyilo ndi mafilita kuwabweretsa pafupi ndi khomo lotulutsira katundu, ngakhale kuti pa kusanja malo tinatsatira kuchuluka kwa maulendo amene chinthu chimatengedwa osati ndalama zake.

Lachisanu ndinakapereka lipoti kwa bwana. Iwo anasangalala ndi gulu A ndipo nthawi yomweyo anayamba kuwerengera ndalama zimene zingamasuke tikachepetsa matayala a pashelefu, koma anafuna kuti tidulenso gulu C ndi theka. Ndinawasonyeza kuti gulu lonselo limadya pafupifupi 5 peresenti ya ndalama za pa chaka, moti ngakhale titadula theka la zimene timasunga, phindu lake silingafanane ndi kasitomala mmodzi wa malole ambiri amene angatithawe. Ndinawauza kuti ndalama zogona zenizeni zili m'zinthu zokwera mtengo zimene sizinayende chaka chonse, ndipo ndinawapatsa mndandanda wake padera, giyabokosi ija ili pamwamba. Anavomera kuti zimenezo zitsitsidwe mtengo kapena tikambirane ndi amene anatigulitsa kuti azisinthe ndi katundu woyenda. Pa zinthu za nyenyezi anakana kuti zikwezedwe kupita m'gulu A monga ndinawapempha, koma analola kuti zikhale ndi muyezo wochepetsetsa umene kompyuta izichenjeza ukafikidwa, zomwe kwa ine n'zokwanira pakali pano. Tinagwirizananso kuti mndandanda wonse uunikidwenso mu Seputembala, kuti maoda a katundu wa gulu A apite mafakitale ambiri asanatseke pakati pa Disembala.