Ka njoka ka mu boneti ya Corolla kapezeka

Aja mumatsata nkhani za ka Corolla kanga, NZE121 ya injini ya 1NZ-FE, mukukumbuka sabata yatha ndimadandaula kuti mu boneti mukumveka ka tsiiiii ngati mwalowa njoka. Lero Loweruka ndakhala nako kuyambira m'mawa ndipo kapezeka, koma ndayamba ndazungulira heve.

Achimwene anga atangomva anati ndi rediyeta basi, gula kapu yatsopano. Ine ndinakana. Rediyeta imalira injini ikatentha ndipo ngakhale uzimitse imapitiriza kaye poti presha imakhala ikadalimo, pomwe kangaka kamayamba ndikangoliza galimoto m'mawa ili yozizira, ndikazimitsa nako zii nthawi yomweyo. Madzi mu kabotolo sanatsike, fungo lotsekemera lija la coolant kulibe. AC ndinali nditazimitsa, ndipo lamba akamavuta amalira kwiiii, si tsiii ayi.

Chinandipatsa maganizo ndi idling, kuzungulira kwa injini galimoto ikangolira osaponda moto. Kale imazungulira cha m'ma 700 pa mphindi injini ikatentha, koma masiku amenewa imakwera kudutsa 1000 kenako kutsika ngati izima, ndipo Lachitatu nyali ya check engine inayaka. Mnzanga wina wa za magetsi a galimoto anabwera ndi makina ake tinalumikiza pansi pa chiwongolero, inatulutsa code ya vuto P0171, kutanthauza kuti mpweya wachuluka kuposa petulo. Fuel trim, muyeso wa petulo amene kompyuta ya galimoto ikuwonjezera, pa idling inali cha m'ma +20 peresenti, koma ndikaponda mpaka 2500 imatsika kwambiri. Apa ndi pomwe ndinadziwa kuti pali penapake pamene injini ikuyamwa mpweya wakuba. Nkhani yake ndi yoti MAF sensor imawerenga mpweya wodutsa ku air cleaner wokha, ndiye ukalowera pa bowo lina kompyuta siyiudziwa, imangomva kwa oxygen sensor, yoyeza utsi wotuluka, kuti zinthu sizikukwana nkumawonjezera petulo. Pa idling mpweya wonse ndi wochepa ndiye kabowo kakang'ono kamasokoneza kwambiri, ukaponda moto kamabisala.

Ndinayamba ndi buleki poti booster, yofewetsa pedulo ya buleki, nayo imagwira ntchito ndi vacuum, kuyamwa mpweya kwa injini komweko, ndipo imeneyo ikanakhala yovuta thumba likanalira. Injini ili chizimire ndinapopa pedulo kangapo mpaka inalimba, ndinaigwira choncho nkuliza galimoto, inatsika pang'ono bwinobwino. Mtima unakhala pansi.

Kenako ndinapanga zopusa. Ndinasungunula sopo mu botolo nkumapopera mapaipi kudikira thovu ngati mmene timapezera ponkichala pa chubu cha njinga. Mphindi zambiri ndithu ndili maso tong'o, osaona kanthu, mpaka ndinadziseka ndekha, chubu chimatulutsa mpweya koma apa paipi ikuyamwa, thovu lituluka bwanji? Madam anangondiyang'ana pa khonde nkundifunsa ngati ndikuchapa injini ndi sopo wawo wa mbale.

Chinathandiza ndi chidutswa cha paipi yothirira maluwa, chotalika ngati mkono. Mbali ina pa khutu, ina ndikuyendetsa pang'onopang'ono mozungulira intake manifold, mapaipi aja a pulasitiki olowetsa mpweya ali kutsogolo kwa injini. Mukamayesa zimenezi samalani, fani imayamba yokha osachenjeza ndipo lamba ali pompo, malaya olendewera ayi. Nditafika pa paipi ya PCV, yotenga nthunzi ya oilo kuchoka pa valve cover, chivundikiro cha pamwamba pa injini, kupita ku manifold, phokoso linandilasa m'khutu. Pamwamba ikuoneka yabwinobwino, koma nditaipinda pang'ono ndi chala kunsi kwake kunali kong'ambika pafupi ndi kilipu, labala yauma gwaa ngati chikopa cha ng'oma. Nditatseka ndi chala njoka inasiya kulira, injini nayo inasintha mawu pompo. Zaka zonsezi ikuphikidwa ndi kutentha ndi nthunzi ya oilo, sindingaidandaule.

Ndinakulunga kaye insulation tape kuti ndikafike ku Ndirande. Tepi imeneyi ndi yongofikira pa msika, ikatentha imamatuka. Kumeneko mnyamata wina amafuna andipatse paipi wamba ya madzi akuti bola saizi biggie, ndinakana chifukwa mmenemu mumadutsa oilo ndipo paipi yofewa vacuum imaifinya nkutsekeka. Ndinazungulira mpaka ndinapeza yochotsa pa injini ina ya 1NZ, yopindika kale mmene imayenera kukhalira, ndinaipinda pinda pamaso pake kuona ngati ilibe ming'alu. PCV valve yeniyeniyo ndinaimasulanso nkuigwedeza, imalira ke ke ke mofooka, nditaitsuka ndi mankhwala opopera a carb cleaner inatulutsa zakuda bii nkuyamba kulira bwino.

Kumanga sikunatenge nthawi, pulayala ndi makilipu awiri basi. Tinafufuta code, ndinayenda nayo mpaka ku Lunzu ndi kubwerera, idling yabwerera cha m'ma 700 ndipo yakhazikika, fuel trim ikutsika, nyali sinayakenso. Petulo ndiona ndikathira full tank kawiri, ndi mmene akuvutira mafutawa ndikufuna ndidziwe kuti kabowo kameneka kamandidyera zingati.

Gasket yotseka polumikizira manifold ndi injini ndiyo ndikuikayikirabe pang'ono, imeneyo imakonda kuonekera m'mawa kukazizira ndiye June akafika ndidzaimvetsera ndi paipi yanga yomweyi. Sabata ya mawa ndi CV joint, mfundo ya shafiti yozunguza tayala, ya kumanzere, yayamba kugogoda ndikamakhota.